Kota, Mapazi a Wofunsa ndi Chisankho cha 1948

Anzanga aphunzitsi ndi inu ophunzira anga akale, ife Amalawi tikamva mawu oti kota timafulumira kuganiza za kasankhidwe ka ana opita ku yunivesite, kamene kanayamba m'nthawi ya Kamuzu, kanabweranso mu 2009, mpaka boma linalengeza kukathetsa mu 2020. Koma lero ndikufuna tikambe za kota ina, ya m'masamu a kafukufuku, imene m'mabuku amaitcha quota sampling. Mbiri yake ndimaikonda chifukwa imaonetsa kuti manambala akhoza kukwana bwinobwino, yankho n'kukhala labodza.

Njirayi imayenda motere. Wochita kafukufuku sangafunse anthu onse, ndiye amayang'ana kalembera n'kuona kuti amayi ndi angati, achinyamata ndi angati, akumudzi ndi angati. Akatero amauza wofunsa mafunso kuti apeze amayi mwakuti, abambo mwakuti, achikulire mwakuti. Kota ikangokwana, ntchito yatha. Koma mayi wake uti, zimenezo amasankha ndi wofunsayo. Gwirani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Kota inatchuka ku America mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Magaziniyi inalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. Vuto linali loti maina ambiri inawatenga m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, pa nthawi imene osauka analibe zinthu zimenezi, komanso oyankha anali okhawo amene anafuna kuyankha. George Gallup, pogwiritsa ntchito kota, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa ndipo anati apambana ndi Roosevelt. Roosevelt anapambanadi m'zigawo 46 mwa 48. Pasanathe zaka ziwiri magazini ija inatsekedwa, kota n'kusanduka mfumu.

Komatu chenjezo linali litaperekedwa kale. Mu 1934, katswiri wa masamu wa ku Poland, Jerzy Neyman, anafotokoza ku London kuti njira yodalirika ndi yosankha anthu mwamaere, chifukwa ndi yokhayo imene imakulola kuwerengera kuti mwina waphonya ndi pang'ono bwanji. Amalonda a kafukufuku sanalabadire, poti maere ndi okwera mtengo pamene kota ndi yachangu.

Tsiku la tsoka linafika mu 1948. Gallup, Elmo Roper ndi Archibald Crossley onse anati Thomas Dewey agonjetsa Harry Truman. Nyuzipepala ya Chicago Daily Tribune mpaka inasindikiziratu patsamba loyamba kuti Dewey wapambana. Mavoti atawerengedwa, wopambana anali Truman, ndipo anajambulitsa atanyamula nyuzipepala ija akuseka. Zifukwa zinali zingapo. Ofufuzawo anasiya kufunsa anthu kudakali masabata angapo, pamene ena anali asanaganize. Koma china chachikulu ndi chija ndati mugwire: ofunsa ankakwaniritsa kota yawo ndi anthu osavuta kuwapeza, ovala bwino, ophunzirako, a m'misewu yabwino, ndipo anthu otere ambiri anali a Dewey. Ku Britain nako mu 1992 akafukufuku a kota anaonetsa ngati chipani cha Labour chili patsogolo pang'ono, koma John Major ndi chipani chake anapambana ndi mavoti ambiri ndithu.

Tsono tibwere kuno kwathu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000. Tinene kuti mwatuma mnyamata kuti akafunse amayi 20 ndi abambo 20 olima kachewere za mtengo wa fetereza. Kodi apita kuti? Atsika minibasi pa Bembeke kapena pa Chimbiya, ayenda m'mbali mwa msewu wa M1, pofika masana kota yakwana. Mayi wa kuseri kwa phiri, amene amasenza thumba mtunda wautali kuti afike pamsika, sanafunsidwe. Wa kumunsi ku Mtakataka ndi Golomoti, kumene ulimi ndi nyengo ndi zina, sanafunsidwe. Papepala zonse zili bwino, theka amayi theka abambo. Zili ngati kugula ndowa ya kachewere poona zazikulu zapamwamba zokha, osakhuthula.

Ndi chifukwa chake a National Statistical Office ku Zomba, pa kafukufuku wa m'makomo, amayamba asankha timadera ta kalembera mwamaere, kenako makomo mwamaere. Maere akagwera kuseri kwa phiri, wofunsa akwere basi. A Afrobarometer, amene anayamba kufunsa Amalawi maganizo awo mu 1999, amachitanso chimodzimodzi, ngakhale amasunga ka kota kamodzi: akafunsa bambo pakhomo ili, pakhomo lotsatira afunse mayi. Chisankho cha 2014 chisanachitike anafunsa anthu 2,400 okha, napeza Peter Mutharika patsogolo, kenako Lazarus Chakwera, Joyce Banda ndi Atupele Muluzi. Ambiri ananyoza kuti anthu 2,400 sangayankhulire dziko lonse. Zotsatira zinabwera mu ndondomeko yomweyo.

Sindikunena kuti kota ndi yachabechabe. Amalonda amaigwiritsabe ntchito, ndipo mwana wa Fomu 4 wopanda ndalama yoyendera akhoza kuyambira pamenepo, bola alembe poyera kumene anayenda ndi kumene sanafike. Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi loti tiphunzitse ana funso lachiwiri. Akamva pa wailesi kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti, asangofunsa kuti anafunsidwa anthu angati. Afunsenso kuti anthuwo anawasankha ndani, ndipo anawapeza kuti. Pajatu mapulani a fetereza, mijigo ndi zipatala amachokera m'manambala omwewa, ndipo amene sanafunsidwe ndi amene amaiwalika pogawa.