Galimoto Imene Idagona M'manda Zaka 50

Nkhani yathu ya lero ndi ya galimoto imene idaikidwa m'manda ili yatsopano, ndipo itafukulidwa idasiya eni ake manja ali m'khosi, osadziŵa ngati n'koyenera kuikonza kapena kungoileka momwemo. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu mudaonapo galimoto yakale itakhazikidwa pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala, mwini wake akulonjeza chaka ndi chaka kuti akadzagulitsa fodya adzaidzutsa. Funso limene limamsoŵetsa tulo munthu wotereyu ndi lomwelo limene lidazunguza mitu ya anthu a mu mzinda wa Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma, ku America.

M'chaka cha 1957 chigawo cha Oklahoma chidakwanitsa zaka 50 chiloŵereni m'mgwirizano wa zigawo za America. Akuluakulu a mzinda wa Tulsa, umene udalemera ndi zitsime za mafuta, adafuna kusiyira zidzukulu zawo mphatso yoti zidzaone mmene makolo awo ankakhalira. Tsono pa 15 Juni 1957 adatenga galimoto yatsopano ya mtundu wa Plymouth Belvedere, ya zitseko ziŵiri, yopakidwa penti wagolide ndi woyera, imene idali itayenda mamailosi 4 okha, naitsitsira m'dzenje pabwalo la nyumba ya khoti. Dzenjelo adalimanga ndi konkire, ndipo omanga ake adadzitama kuti ngakhale bomba la atomiki silingaligwetse. Kumbukirani kuti nthaŵi imeneyo America ndi Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira, ndipo anthu ankagona akuopa bomba lotere. Galimotoyo adaidzoza mankhwala oletsa dzimbiri, naikulunga m'mapulasitiki, kenaka nkuvundikira dzenjelo ndi chimwala cha konkire. Pambuyo pake anthu adaipatsa dzina loti Miss Belvedere.

Sadaiike yokha. M'kati mwake adaikamo magaloni 10 a petulo ndi oyilo wa injini, poganiza kuti pofika chaka cha 2007 magalimoto adzakhala akuyendera mphamvu ina ndipo petulo adzakhala wosoŵa. Adaikamonso bokosi la moŵa wa m'zitini, ndiponso tinthu topezeka m'chikwama cha mayi wa masiku amenewo, monga timapini ta tsitsi, fodya, ndi tikiti ya mlandu woimika galimoto pamalo osayenera. Pambali pa galimotoyo adaika chibotolo chachitsulo chowotcherera bwino, chokhala ndi mbendera ndi makalata. Ndiye padali mpikisano: aliyense alembe chiŵerengero cha anthu amene adzakhale mu Tulsa m'chaka cha 2007, ndipo woyandikira kwambiri, kapena oloŵa m'malo mwake, adzalandire galimotoyo pamodzi ndi madola 100 oikidwa ku banki.

Apa ndiloleni ndipatuke pang'ono. Magalimoto a Plymouth a chaka cha 1957 adali okongola zedi, aatali, okhala ndi zipsepse kumbuyo ngati za nsomba, monga mmene adaŵakonzera mmisiri wotchuka Virgil Exner wa kampani ya Chrysler. Koma adapangidwa mothamanga, ndipo mbiri yawo yochita dzimbiri msanga idawanda m'zaka zochepa zokha. Kunena zoona, anthu a ku Tulsa adasankha galimoto yosakhalitsa ngakhale padzuŵa, nkukaisungitsa kunsi kwa nthaka.

Zaka 50 zitatha, m'mwezi wa Juni 2007, anthu adasonkhana kuchokera kutali, ena kutsidya kwa nyanja. Kampani yopanga Plymouth idali italeka dzinalo m'chaka cha 2001, kotero kuti galimoto yatsopano ya dzina limeneli padalibenso pena poipeza koma m'dzenje muja. Chivundikiro chitachotsedwa, antchito adasuzumira naona madzi okhaokha, magaloni pafupifupi 2,000, ndipo zizindikiro za m'makoma zidasonyeza kuti nthaŵi zina madziwo ankamiza galimoto yonse. Makolo athu adati madzi saiŵala khwaŵa. Omanga aja adakonzekera bomba, koma konkire wawo sadathe kutsekereza madzi a m'nthaka. Pa 15 Juni galimotoyo idaonetsedwa pamaso pa khamu la anthu, ili yofiirira ndi matope ndi dzimbiri, mipando itaola, kiyi itamatirira pamalo pake. Mmisiri wa magalimoto wodziŵika pa wailesi yakanema, Boyd Coddington, adabwera ndi anyamata ake kuti adzalize injini, koma atayang'ana m'kati adaona kuti n'zosatheka. Chodabwitsa n'chakuti chibotolo chachitsulo chija chidasunga katundu wake bwinobwino, mbendera ili yoŵala, ndipo mayankho a mpikisano adaŵerengeka.

Wopambana adali bambo wina wa ku Maryland, amene adalemba 384,743, pamene chiŵerengero chenicheni chidali 382,457. Adaphonya ndi anthu 2,286 okha. Koma bamboyo adali atamwalira m'chaka cha 1979, mkazi wakenso atatsatira, ndipo adalibe ana. Motero mphoto idagwera alongo ake aŵiri, amayi okalamba kwambiri. Tangoganizani, omvera, kulandira uthenga muukalamba wanu woti mlongo wanu womwalira kalekale wakusiyirani galimoto, ndipo mutapita kukaiona mupeze chimulu cha dzimbiri chimene dziko lonse likuchiyang'ana.

Tisanamve chimene banjalo lidachita, ndi bwino timvetse mmene dzimbiri limagwirira ntchito, pakuti m'menemo ndimo muli chiweruzo chonse. Dzimbiri limabadwa pamene chitsulo chakumana ndi madzi ndi mpweya pamodzi. Chitsulo chokwiririka m'matope, kumene mpweya sufika, chimaonongeka pang'onopang'ono. Choopsa ndi chitsulo chimene chimanyowa, nkuuma, nkunyowanso, ndipo umu ndi mmene Miss Belvedere adakhalira kwa zaka zambiri madzi akukwera ndi kutsika. Makaniko wodziŵa ntchito yake amasiyanitsa dzimbiri la pamwamba, limene limachoka ndi sandipepala, ndi dzimbiri loloŵerera, limene ladya chitsulo mpaka kuchisandutsa ngati tsamba louma. Iye sayamba n'kuyang'ana penti. Amagona pansi pa galimoto, nabaya chasisi ndi sikuludiraiva, makamaka pamene pamangiriridwa masipuling'i, ndipo chitsulo chikabooka amadziŵa kuti msana wa galimoto wathyoka. Amayendetsanso maginito m'mbali mwa bodi, chifukwa pamene maginito sakugwira ndi pamene wina adamata phala pobisa chiboo. Injini yofa imagulidwa ina, galasi losweka limapezeka, koma chasisi chikaola ntchito yake ndi yomanga galimoto yatsopano pansi pa dzina lakale.

M'mwezi wa Novembala 2007 banjalo lidalola kuti galimotoyo ipite ku New Jersey, ku kampani ya Ultra One yopanga mankhwala ochotsa dzimbiri, imene idadzipereka kugwira ntchitoyo mwaulere pofuna kutchukitsa malonda ake. Akatswiri a kumeneko adaitsuka pang'onopang'ono, mpaka penti wagolide uja adayamba kuonekanso m'malo ena. Adaononga madola oposa 15,000. Koma pamene matope ankachoka m'pamene choonadi chinkaonekera: chasisi chidali chofooka kwambiri, ndipo chitsulo cha bodi chidapyapyala kotero kuti zitseko zidali zosayenera kutsegulidwa. Adatenga zitsulo zina za pansi kuchokera ku Plymouth inzake ya chaka chomwecho kuti galimotoyo ingotha kuima pa matayala ake, ndipo ntchito idalekezera pomwepo.

Ena adadandaula kuti akatswiriwo adagonja msanga. Ine ndikuona kuti adachita bwino. Plymouth Belvedere si galimoto yosoŵa, pakuti adapanga zikwizikwi, ndipo munthu wofuna yoyenda angathe kugula yabwino pa mtengo wochepa kuposa umene ukadaloŵa pokonza iyi. Komanso akadati aikonze, akadachotsa chasisi, pansi pake, zitseko, mipando, mawaya ndi injini, nkuikamo za magalimoto ena. Nanga chotsala cha galimoto imene idakwiriridwa mu 1957 chikadakhala chiyani? Kachitsulo ka nambala basi. Anthu amene amafuna kuona Miss Belvedere amafuna kuona chimene nthaka idachita m'zaka 50, ndipo kumupaka penti watsopano kukadafafaniza umboni womwewo.

Nkhani yofanana nayo idachitika ku Ulaya. Galimoto ya Bugatti yopangidwa mu 1925 idaponyedwa m'nyanja ya Maggiore, pafupi ndi Ascona ku Switzerland, m'zaka za m'ma 1930, chifukwa chosalipiridwa msonkho wa pachipata. Idamangidwa ku tcheni kuti mwina idzavuulidwe, koma tchenicho chidadyeka nkuduka, galimoto nkutsikira pansi pa madzi akuya mamita oposa 50. Odziŵa kumira adaipeza mu 1967, ndipo idavuulidwa pa 12 Julayi 2009 kuti igulitsidwe pothandiza bungwe lolimbana ndi chiwawa pakati pa achinyamata. Mbali imene idagonera m'matope idasungika, mbali yoyang'ana kumadzi idatha. Akatswiri adaŵerengera kuti gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a bodi ndilo likadagwiranso ntchito. Pa msika wa Bonhams ku Paris, mu Januwale 2010, anthu aŵiri adalimbirana mpaka pamapeto: mmodzi ankafuna kuikonza, winayo kuisunga mmene idaliri. Adapambana wachiŵiriyu, Peter Mullin, pa mtengo wa mayuro 260,500, ndipo galimotoyo idaonetsedwa ndi dzimbiri lake lomwe m'nyumba yake ya magalimoto akale ku Oxnard, California, kufikira pamene nyumbayo idatsekedwa mu 2024.

Komabe sindikunena kuti kukonza n'kulakwa nthaŵi zonse. Pali magalimoto ena amene dzina lawo n'lolemera kotero kuti limanyamula mtengo wonse wa ntchito. Mu 2023, ku Monterey, chigoba chopindikapindika cha Ferrari 500 Mondial ya 1954 chidagulidwa madola oposa 1,800,000, chifukwa magalimoto a mtundu umenewo adapangidwa oŵerengeka ndipo imeneyi idathamangapo m'mipikisano. Mlandu wotchuka pa nkhaniyi udaweruzidwa ku London mu 1990. Galimoto ya Bentley yotchedwa Old Number One idapambana mpikisano wa Le Mans mu 1929 ndi mu 1930, kenaka idasinthidwa ziŵalo zambiri, idachita ngozi ku Brooklands mu 1932 imene idapha dalaivala Clive Dunfee, nimangidwanso. Kampani ya Middlebridge italonjeza kuigula pa mapaundi 10,000,000 idabwerera m'mbuyo, niti imeneyi sindiyo galimoto idapambana ija. Woweruza, Otton, adagamula mokomera wogulitsa, ponena kuti mbiri ya galimotoyo idali yosaduka kuchokera pachiyambi, ngakhale ziŵalo zidasinthidwa. Zili ngati khasu la agogo limene mpini wake udasinthidwa katatu koma silidachokepo m'manja mwa banja. Kusiyana kwake ndi Miss Belvedere n'koti Bentley ija idasinthidwa ili pa ntchito yake yothamanga, ndipo kusinthako ndi mbali ya mbiri yake, pamene mbiri yonse ya Plymouth ija ndi kugona m'madzi.

Maganizo a osunga magalimoto akale nawonso asintha. Kale ulemu unkapita kwa galimoto yonyezimira kuposa mmene idatulukira m'fakitale. Mu 2013 bungwe la FIVA lidakhazikitsa chikalata chotchedwa Charter of Turin, cholimbikitsa kusunga zitsulo zoyambirira mmene kungathekere, ndipo mu 2024, kwa nthaŵi yoyamba, mphoto yaikulu ya chionetsero cha Pebble Beach idapita kwa galimoto yosakonzedwanso mwatsopano, Bugatti Type 59 ya 1934, penti wake ali wothetheka ndi zipsera za ukalamba.

Tibwerere kwa Miss Belvedere. Ntchito italekeka, galimotoyo idakhala zaka zambiri m'nyumba yosungira katundu ku New Jersey, yopanda woifuna. Nyumba yaikulu ya zinthu zakale ya Smithsonian idaikana. Mzinda wa Tulsa, umene udaikwirira ndi nyimbo ndi malipenga, sudaitengenso, pakuti kusunga chitsulo chodwala chotere kumafuna ndalama chaka ndi chaka. Potsiriza nyumba ina ya magalimoto akale, Historic Auto Attractions, m'tauni yaing'ono ya Roscoe ku Illinois, idavomera kuilandira, ndipo mu 2017 idanyamulidwa pa lole kupita kumeneko. Idakaimikidwa pamalo oti anthu aziiona, zitseko zili zotseka, dzimbiri lili poyera, ndipo pa mamailosi 4 aja a mu 1957 injini yake sidaonjezepo ngakhale imodzi.