Dzina Lokandidwa pa Thanthwe

M'chaka cha 1819 msilikali wina wa ku Britain, John Smith, ankasaka akambuku m'nkhalango za Maharashtra ku India. Ali pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Waghora, anaona khomo losemedwa m'phiri. Ataloŵamo anapeza zithunzi zimene zinakhala mu mdima zaka mazanamazana, koma iye anangokanda dzina lake pamwamba pa chithunzi china cha pa mzati. Dzinalo lilipo mpaka lero.

Malo ameneŵa ndi Ajanta, mapanga pafupifupi 30 amene anali nyumba za amonke achibuda. Oyamba anasemedwa zaka zoposa 100 Khristu asanabadwe, ambiri otsalawo m'zaka za m'ma 400. Amisiri ake sanaunjike mwala pa mwala unzake ai. Ndi nyundo ndi tchizulo ankagoba thanthwe kuyambira kudenga kutsikira pansi, nasiya mizati, zipinda zogonamo ndi malo opempherera, zonse za mwala umodzi. Pamene tchizulo yaphonya panalibenso kubweza. Makoma anaŵazira ndi dothi losakaniza ndi ndowe ndi mankhusu a mpunga, napakapo laimu, najambulapo nthano za moyo wa Buddha, kuti ndi wosadziŵa kuŵerenga yemwe aphunzire ndi maso.

Tisaganize kuti zoterezi nza kutali kokha. Inu a ku Chiuta, Machinga ndi Balaka, mukakwera basi ya ku Lilongwe mumadutsa m'munsi mwa mapiri a Dedza. M'dera la Chongoni m'menemo muli malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse, momwe Ajanta analoŵa mu 1983.

Mapanga athuŵa sanasemedwe, ngachilengedwe, koma makoma ake nawonso anali mabuku. Zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira, nza Akafula, alenje aja amene Acheŵa anaŵapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera, nza Acheŵa. Zambiri mwa izo zimakhudza chinamwali: kumapangako anamkungwi ankalangiza atsikana za ukulu ndi za banja, ndipo chithunzi chinkathandiza namwali kusunga mwambo mumtima. Ku Namzeze kuli zithunzi za nyau, zotikumbutsa masiku amene Acheŵa ankabisala m'mapiri pothaŵa nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800.

Amonke atachoka ku Ajanta, tchire linatseka makomo. Kwathu kuno anamkungwi anasiya kujambula m'zaka za m'ma 1900, ndipo tanthauzo la zofiira zija linapita ndi eni ake. Chotsala ndi utoto wopyapyala, umene mvula ndi dzuŵa zaulekerera zaka zonsezi, koma umene utsi wa moto, makala ndi choko zingathe kuuwononga tsiku limodzi. Pa miyala ina ya ku Chongoni alendo alembapo kale maina awo, monga anachitira msaki uja.

Paja akulu amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Aŵa agonera zaka zambirimbiri. Makolo ndi aphunzitsi, mukapita ndi ana ku Chencherere kapena ku Mphunzi, auzeni kuti ayang'ane ndi maso, manja akhale kumbuyo. Pa khoma limenelo panalembedwa kale, ndipo wolembayo sadzabweranso kudzakonza chimene ife tafafaniza.