Agogo Amene Anasunga Makiyi ndi Maina

Pamene komiti ya Jubili inatipatsa ntchito yolemba mbiri ya zaka 50 za mpingo wathu, tinayambira m'mabuku a bungwe la akulu. M'menemo muli maina a abusa, alembi ndi asungichuma, mitengo ya malata ndi simenti, ngakhale mkangano wa mabenchi umene unadya misonkhano ingapo. Koma dzina la mayi amene ali pa chithunzi cha tsamba lino tinalipeza kawiri kokha: polandira kalata yawo yosamukira, ndi pa mlandu. Tonse tinali kungowatchula kuti Agogo, ndipo muno tiwatchula motero.

Agogo anabadwira kum'mawa, m'mudzi wina wa kufupi ndi Nyanje, dziko lino likali Northern Rhodesia. Uthenga unafika kumeneko kudzera mwa amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State, amene anayamba ntchito pa Magwero mu 1899, kenaka pa Madzimoyo mu 1903 ndi pa Nyanje mu 1905. Sukulu sanapite nayo patali, koma anaphunzira zokwanira kuwerenga Buku Lopatulika ndi kulemba dzina la munthu mosaphonya. Analowa kalasi, nabatizidwa ali mtsikana. Pamene Eklesia unalandira umwini mu 1966 ndi kutenga dzina la Reformed Church in Zambia mu 1968, iwo anali mayi wa ana kale. Monga mabanja ambiri a kum'mawa, anawoloka Luangwa pa basi kutsata amuna awo amene anapeza ntchito kuno ku Lusaka.

Achinyamata athu a lero sadziwa kuti mpingo uno unayambira m'kalasi ya sukulu. Tinabwerekedwa chipindacho pa pangano limodzi: Lolemba m'mawa aphunzitsi achipeze monga anachisiyira. Ntchito imeneyi inagwera Agogo popanda wowasankha. Anali kufika kusanache ndi tsache lawo, ndipo mapemphero akatha anali kubweza madesiki m'malo mwake ndi kupereka kiyi. Titamanga tchalitchi chathu, kiyi inapitirira kukhala pa chingwe cha m'khosi mwawo. Ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti nyumba ya Mulungu imadzisesa yokha.

Kumanga kunatenga zaka. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndipo zinthu zinayamba kusowa m'masitolo. Amayi anali kuima pa mzere kuyambira mbandakucha kufuna unga, sopo ndi mafuta ophikira. Ndalama ya chopereka inali kutha mphamvu isanafike ku sitolo ya simenti. Abambo anaumba mabuloko, amayi a Chigwirizano natunga madzi pamutu. Nthawi ya makuponi a unga mu 1989, ndiponso pa chilala cha 1992 pamene tinadya nsima ya chimanga chachikasu, Agogo anauza amayi kuti aliyense akamaphika azitapa unga dzanja limodzi ndi kuika padera. Unga umenewo unali kusonkhanitsidwa m'chidebe kuseri kwa guwa, ndipo ndi iwo amene anali kudziwa khomo limene moto sunayake dzulo lake. Wolandira sanali kulengezedwa. Mpaka lero pali mabanja pakati pathu amene sadziwana kuti anadya m'chidebe chimodzi.

Tsopano tifike pa mlandu uja, pakuti mbiri yobisa zotere si mbiri.

Mu 1987 Pulezidenti Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi. Komabe m'makomboni mwathu tinapitirira kunong'ona za kaliwondewonde. Tinali ndi mantha, ndipo tivomere kuti ena a ife tinali kuweruza. Odwala anali kupatsidwa mbale ndi kapu yawoyawo, ena osalowedwa m'chipinda masiku angapo. Agogo anali kulowa. Anali kusambitsa odwala, kuchapa zofunda, kuphika phala pa mbaula ndi kuwamwetsa pang'onopang'ono. Munthu akatsirizika, anali kutsogolera kusambitsa mtembo, kugona pa nyumba ya maliro, ndi kukwera lole kupita ku Chingwere. Panali miyezi imene tinali kupita kumanda kawiri kapena katatu pa sabata.

M'zaka zimenezo mtsikana wina wa m'kwaya anaikidwa pa chilango chifukwa cha mimba ya pathengo. Asanabwezedwe anadwala, namwalira. Kunalengezedwa kuti amayi angapite kukalira monga anansi, koma osavala yunifolomu ya Chigwirizano. Agogo anavala. Anakhala pafupi ndi mayi wa malemuyo usiku wonse, nayambitsa nyimbo okha mpaka amayi ena, amene anabwera atavala zitenje, anayamba kuvomera. Bungwe linawaitana. Buku limangonena kuti anachenjezedwa. Akulu awiri amene analipo akali moyo, ndipo onse akumbukira chimodzimodzi: Agogo anagwada, napepesa chifukwa chosamvera, koma ananena kuti mwanayo anamunyamula iwo pa tsiku la ubatizo wake, ndipo sakanatha kumuperekeza ngati mlendo.

Ife a komiti sitinagwirizane pa nkhani iyi. Ena akuti akulu anasunga dongosolo, ndipo mpingo wopanda dongosolo sukanafika zaka 50. Ena akuti tsiku limenelo amene anaimira mpingo ndi Agogo. Chimene tonse tikuvomereza n'chakuti kuyambira pamenepo abusa ndi akulu anayamba kufulumira kuyendera odwala amene ali pa chilango, kuti munthu asafe mlandu wake uli chiimire.

Analera adzukulu asanu amene makolo awo anapita m'zaka zomwezo, ndi ndalama ya tomato ndi kapenta wa pa tebulo la pakhomo. Maso atayamba kuchita khungu anapereka kiyi, koma tsache anakana nalo. Pamene matchalitchi anatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, anali kutuma mdzukulu kukaona ngati pabwalo pamera udzu. Jubili ino sanaione. Pa maliro awo panawerengedwa nkhani ya Dorika ya pa Machitidwe 9, ndipo tchalitchi chinachepa.

Pambuyo pa maliro adzukulu anatibweretsera chikwama cha pulasitiki. M'katimo munali makope a sukulu, ena opanda zikuto. Agogo anali kulemba dzina la munthu aliyense amene anamuperekeza kumanda, tsiku lake, ndi mudzi wa kwawo: Katete, Petauke, Chadiza, Lundazi, ena a ku Malawi ndi ku Mozambique. Sanasiyanitse wa Mgonero, wa kalasi kapena wa pa chilango. Buku lathu lakale la mpingo linadyedwa ndi chiswe mbali ina, choncho mndandanda wa otisiya umene uli kumapeto kwa kabuku kano wachokera kwambiri m'makope amenewa.

Pa Sabata la Jubili makopewo adzakhala pa tebulo pafupi ndi khomo lalikulu. Amene mufuna kuona dzina la m'bale wanu, fikani kwa amayi a Chigwirizano amene adzakhala pamenepo. Tikupempha kuti mutsegule mosamala, chifukwa mapepala ena ayamba kuthothoka.