Mchere Wosungunuka M'manja: Mbiri ya Meridianiite

Mchere wa Epsom ngwodziŵika kwa anthu ambiri, pakuti kuyambira kale umagulitsidwa ngati mankhwala otsuka m'mimba. Dzina lake linachokera ku tauni ya Epsom, ku England, kumene kunali chitsime cha madzi oŵaŵa. Koma mchere umenewu uli ndi mbale wake wosoŵa, amene akatswiri a miyala anatha zaka 170 asanampeze m'chilengedwe.

Michere iŵiriyi njopangidwa ndi zinthu zofanana, zimene asayansi amazitcha magnesium sulfate, ndipo yonse imasunga madzi m'kati mwake ngakhale ioneke youma. Kusiyana kwake nkwakuti pa kachigawo kalikonse ka mchere wa Epsom pali tizigawo 7 ta madzi, pamene mbale wakeyo ali ndi tizigawo 11. Motero, pa magalamu 100 a mchere wosoŵawu, magalamu pafupifupi 62 ndi madzi okhaokha.

Woyamba kuulemba m'mabuku anali Carl Julius Fritzsche, katswiri wa ku Germany, m'chaka cha 1837. Iye anaona kuti madzi a mchere wa Epsom akazizira kwambiri amabala timiyala tina tosazoloŵereka. Atatiumitsa pa moto ndi kuyeza kulemera kwa madzi amene anachoka, anaŵerengera kuti munali tizigawo 12. Chiŵerengero cholakwikachi chinakhala m'mabuku kufikira m'chaka cha 2006.

Chinachedwetsa kukonza cholakwacho ndi khalidwe la mcherewo. Umakhala wolimba pokhapokha kuzizira kuli pansi pa madigiri 2. Kukangofunda pang'ono umasungunuka, nusanduka phala la madzi ndi mchere wa Epsom wamba. Munthu woutola ndi manja amauwononga asanauyeze nkomwe. Maonekedwe akenso sathandiza, chifukwa ulibe mtundu: ngwoyera mbuu kapena woonekera ngati galasi, ndipo pa madzi oundana ngwosavuta kuuphonya.

Chimene chinadzutsa nkhaniyi chinachokera kutali. Mu Januwale 2004, galimoto yofufuzira ya bungwe la NASA, yotchedwa Opportunity, inatera pa dziko la Mars, m'chigwa cha Meridiani Planum. Zithunzi zimene inatumiza zinaonetsa miyala yokhala ndi timaenje topyapyala, ngati kuti munali timiyala tamchere timene tinasungunuka ndi kusiya malo ake.

Ronald Peterson wa pa Queen's University, ku Canada, analingalira kuti timaenjeto tingakhale mapazi a mchere wa Fritzsche. Pamodzi ndi Ruiyao Wang anaumba timiyalato pamalo ozizira, natiunika ndi makina a X-ray tisanafunde. M'chaka cha 2006 analengeza kuti tizigawo ta madzi nti 11, osati 12, ndiponso kuti kaumbidwe ka timiyalato nkogwirizana ndi timaenje ta pa Mars tija.

Komabe lamulo la akatswiri a miyala nlakuti chinthu chopangidwa ndi munthu sichipatsidwa dzina la mwala kufikira chitapezeka m'chilengedwe. Tsono Peterson anapita ku Basque Lakes, pafupi ndi Ashcroft m'chigawo cha British Columbia, kumene kuli maiŵe a madzi odzala ndi mchere wa mtunduwu. M'nyengo yachisanu, dziŵe litaundana, anapeza mchere woyera utamera pa mtengo wozikika m'madzimo. Mtengowo unkakoka madzi amcherewo monga chingwe cha nyali chikokera mafuta, ndipo mphepo yozizira inkawaumitsa. M'chaka cha 2007 bungwe la International Mineralogical Association linavomereza dzina lakuti meridianiite, pokumbukira chigwa cha pa Mars chija. Pambuyo pake unapezekanso m'madzi oundana a ku Antarctica ndi a m'nyanja ya Saroma ku Japan.

Kufunika kwake nkoonekeratu. Dziko la Mars nlozizira kwambiri, ndipo ofufuza akhala akufunsa kumene madzi ake akale anapita. Ngati pansi pa nthaka yake pali mchere umenewu, ndiye kuti ena a madziwo akadali komweko, otsekeredwa m'mwala.