Chotupa cha m'nsagwada: ulendo wochoka ku Mulago kudzera ku Queens

M'chaka cha 1957, pachipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala ku Uganda, dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt anaitanidwa ndi mnzake Hugh Trowell kuti adzaone kamnyamata ka zaka zisanu. Nsagwada za mwanayo zinali zitatupa mbali zonse, m'mwamba ndi m'munsi momwe, mano ali gwedegwede. Burkitt anamujambula chithunzi, n'kuganiza kuti ndi zachilendo zongooneka kamodzi. Patangodutsa masabata owerengeka, ali pachipatala cha ku Jinja, anaona mwana wina wa nkhope yotupa chimodzimodzi. Atamupima anapeza kuti m'mimba namonso muli zotupa. Apa mtima sunakhalenso m'malo. Anabwerera ku Mulago kukafukula mafayilo akale, ndipo mu 1958 anasindikiza lipoti la ana 38 a matenda amodzimodziwa. Lero khansa imeneyi imadziwika ndi dzina lake, Burkitt lymphoma, ndipo ndi imodzi mwa khansa zimene zimagwira ana kwambiri kuno ku Malawi.

Burkitt sanali munthu wa mu labotale. Anali Mkhristu wa ku Ireland, wa diso limodzi chifukwa linalo linawonongeka ali mwana, wokonda kufunsa mafunso. Anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana otupa nsagwada n'kutitumiza kuzipatala za boma ndi za mishoni mu Africa monse, funso lake limodzi: kodi matenda awa mumawaona kwanuko? Mayankho akabwera ankabaya tizitsulo pamapu. Kumapeto kwa 1961 iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata khumi, kuyendera zipatala zoposa 50. Nyasaland inali panjira yawo. Kunoko anapeza kuti chotupachi chimakonda kumunsi, m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, pomwe kumapiri kozizira sichinkaoneka kwenikweni. Mapu onse atawaika pamodzi, nkhani inali imodzi: komwe kukutentha ndiponso kukugwa mvula yokwanira, chotupa chiliko. Akatswiri a tizilombo touluka ku Entebbe ataona mapuwo anati akufanana ndi a kumene kumaswana tizilombo toluma. Patapita zaka zinadziwika kuti mnzake wa chotupachi ndi malungo, obwerezabwereza aja amene mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Nsanje amakula nawo.

Koma malungo sali okha. Mu March 1961 Burkitt anakamba za ntchito yake pachipatala cha Middlesex ku London, ndipo m'gulu la omvera munali wasayansi Anthony Epstein, amene anaganiza kuti payenera kukhala kachirombo. Anagwirizana kuti tizidutswa ta zotupa tiziuluka pandege kuchoka ku Kampala kupita ku London. Kwa zaka zoposa ziwiri Epstein sanapeze kanthu. Tsiku lina kumapeto kwa 1963 ndege inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga, inakatera ku Manchester, ndipo phukusi linafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu ngati awonongeka. Wina akanangotaya. Epstein atayang'ana pa maikulosikopu anaona kuti si kuwola ayi, ndi maselo a khansa amene agwedezeka panjira n'kuyamba kuyandama okha. Maselo amenewo ndiwo anamera mu labotale, ndipo mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong analengeza za kachirombo ka Epstein-Barr, koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Chodabwitsa china chinali mankhwala. Khansa imeneyi imakula mothamanga zedi, maselo ake amatha kuwirikiza m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kufulumira komweko kumachititsa kuti mankhwala aziyigwira msanga. Ku Kampala ana ena ankangolandira cyclophosphamide kamodzi kapena kawiri, nkhope n'kuphwa m'masiku ochepa. Mu 1967 kunatsegulidwa Lymphoma Treatment Centre, mogwirizana ndi National Cancer Institute ya ku America, yomwe inadzakhala Uganda Cancer Institute. M'zaka zowawa za Idi Amin, azungu atachoka, dokotala wa ku Uganda komweko Charles Olweny ndiye anagwira chiwongolero kuti malowo asafe.

Kuchoka apa njira zinagawikana. Ku Ulaya ndi ku America anatenga zimene anaphunzira pa ana a ku Africa n'kuzipititsa patsogolo. Anapeza kuti m'maselo a chotupachi kachidutswa ka chromosome 8, komwe kuli jini yotchedwa MYC, kamaduka n'kukalumikizika pena, kawirikawiri pa chromosome 14. Anayamba kusiyanitsa ana malinga ndi pomwe matenda afika, wina mankhwala ochepa, wina ambiri. Kenaka kunabwera rituximab, mankhwala amene sawombera chisawawa koma amafunafuna maselo okhala ndi chizindikiro chotchedwa CD20. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2020 anaonetsa kuti ana oposa 90 pa 100 aliwonse a matenda ofika patali ankapulumuka akalandira rituximab pamodzi ndi mankhwala enawo. Izi ndi zimene azachipatala akunja amanena akamakamba za chithandizo chosokedwa pa muyeso wa wodwala aliyense, ngati malaya a kwa telala. Ana a kumene matendawa anatulukira anatsalira kunja kwa shopu ya telalayo.

Ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth Central chomwe tonse timangoti Queens, nkhani inayenda mwamtundu wina, ndipo ine ndimaona kuti ndi imene tiyenera kumaikamba kwambiri. Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anatsogolera dipatimenti ya ana kwa zaka zambiri, anagwirizana ndi Pulofesa Peter Hesseling wa ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayesa ndondomeko ya mankhwala ya ku France, atachepetsako mphamvu yake. Zotupa zinkaphwa ndithu, koma ana ambiri ankamwalira ndi ukali wa mankhwalawo. Mankhwala a khansa amagwetsa chitetezo cha m'thupi, ndipo mwana wa ku Paris akagwa chotero amamugoneka m'chipinda chayekha, magazi oti amuthire ali pompo, namwino ali pambali usiku wonse. Mwana wa ku Chikwawa ankafika atanyentchera kale, mwina alinso ndi malungo, m'wodi modzaza, namwino mmodzi akuthamangira mabedi ambirimbiri. Mlingo wochiza mwana mmodzi unali poizoni kwa mnzake.

Madokotalawo sanakakamire. Anabwerera m'mbuyo, n'kumachepetsa ndi kusintha mpaka anafika pa ndondomeko ya masiku 28 yokha: cyclophosphamide, ndi methotrexate wobaya pamsana kuti matenda asakabisale m'bongo. Mankhwala onse sankafika madola 50 a ku America, ndipo pafupifupi theka la ana anali bwinobwino patatha chaka. Theka si zonyaditsa tikayerekeza ndi kunja, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pambuyo pake, chisamaliro cha m'wodi chitakwerako, anayamba kuwonjezera mankhwala monga doxorubicin kwa ana amene matenda awafika patali, enawo n'kuwasiya pa mlingo wopepuka. Uku kunali kusoka pa muyeso ndithu, kungoti tepi yoyezera inali sikelo, makina a sikani ya m'mimba ndi kasingano kotengera maselo pachotupa.

Panalinso mdani wina amene mabuku a ku Ulaya sankamutchula: kusiya mankhwala panjira. Aliyense amene anadikirirapo wodwala pachipatala chachikulu akudziwa moyo wa gadiyani. Mayi amagona pansi pa chitenje pafupi ndi bedi, m'mawa ali kukhitchini ya magadiyani ndi kampoto kake ndi kaufa ka m'jumbo komwe kakutha tsiku ndi tsiku. Kumudzi wasiya ana ena, mvula yagwa, anzake akubzala. Ndiye pakatha sabata imodzi nkhope ya mwana yaphwa, akudya, akuseka. Mungamuuze chiyani kuti akhalebe masabata ena atatu? Dokotala wa ku Netherlands Trijn Israels, amene anagwira ntchito ku Queens, anakhala pansi ndi magadiyani kuwafunsa, ndipo zimene anamva sizinali umbuli kapena kukana chipatala. Zinali ndalama ya basi, chakudya ndi munda. Yankho lake linakhala losavuta kulitchula: kuwapatsa ndalama yoyendera, kuwafotokozera m'chinenero chawo chifukwa chake mankhwala ayenera kutha ngakhale chotupa chazimirira, kuwatsata kumudzi akapanda kubwera, ndi kudyetsa ana chiponde, chomwe chija cha mtedza chopatsa ana onyentchera. Mu 2014 nzeru zimenezi zinalowa mu mgwirizano wa zipatala za m'mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Ghana ndi Cameroon, wolimbana ndi Wilms tumour, khansa ya impso ya ana. Zipatalazo zinagwirizana kutsata ndondomeko imodzi ndi kuwerengera pamodzi zotsatira, ndipo chiwerengero cha osiya mankhwala panjira chinatsika. Wodi ya khansa ya ana ku Queens inadzakhala m'manja mwa Mmalawi, Dr George Chagaluka.

Ku Lilongwe anayambira mbali ina, ya dzina la matenda. Si chotupa chilichonse cha mwana chimene chili Burkitt, ndipo kupereka mankhwala mongoganizira n'kuponya mwala mumdima. Mu 2011 chipatala cha Kamuzu Central ndi UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina, anatsegula labotale yopima tizidutswa ta zotupa. Zithunzi za pa maikulosikopu zinkaikidwa pa kompyuta, ndipo sabata iliyonse madokotala a ku Lilongwe, mmodzi mwa iwo Dr Tamiwe Tomoka, ankaziona limodzi ndi anzawo a ku America kudzera pa intaneti mpaka agwirizane. Popeza labotaleyo inkatha kuona CD20, khomo la rituximab linatseguka. Zotsatira za kafukufuku wa ku Lilongwe zofalitsidwa mu 2021 zinaonetsa kuti akuluakulu odwala mtundu wina wa lymphoma, ena mwa iwo ali ndi HIV, angathe kulandira mankhwalawa bwinobwino kunoko. Chotsala ndi mtengo wake, umene sufanana n'komwe ndi madola 50 aja.

Bungwe la WHO mu 2018 linaika cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 pa 100 aliwonse odwala khansa padziko lonse azipulumuka. M'mayiko olemera anadutsa kale 80, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika 30. Mbali ina ya phompho limeneli ndi nthawi: chotupa chowirikiza m'masiku awiri sichidikira masabata kuti zotsatira zibwere. N'chifukwa chake madokotala a ku Muhimbili ku Tanzania, a ku St Mary's Lacor kumpoto kwa Uganda ndi a ku Oxford akhala akuyesa njira yozindikira Burkitt lymphoma kuchokera m'magazi, pofufuza tizidutswa ta DNA ya chotupa ndi ya kachirombo ka Epstein-Barr. Makina owerengera DNA imeneyo anawaika ku Dar es Salaam, ndipo amene amawayendetsa ndi akatswiri a komweko.