Askofu Chauncy Maples: ubusa wa masiku 65

Ambiri a ife pano pa gombe la nyanja timadziwa dzina la Chauncy Maples cifukwa ca sitima yakale imene inkayima m'madooko athu. Koma dzinalo linali la munthu, ndipo mbiri yake iyenera kukambidwa m'mabanja mwathu, pakuti imatiphunzitsa cimene ubusa uli.

Chauncy Maples anabadwira ku England m'caka ca 1852. Akuphunzira ku Oxford anapalana ubwenzi ndi William Percival Johnson, amene pambuyo pake anayenda m'midzi yathu zaka zoposa makumi anai. Onse awiri analowa m'bungwe la UMCA, limene linayambika poyankha pempho la David Livingstone. M'caka ca 1876 Maples anafika ku Zanzibar, ndipo posacedwa anatumizidwa ku Masasi, mudzi wa anthu omasulidwa ku ukapolo, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko anaphunzira Cimakua ndi Ciyao, pozindikira kuti mbusa wosadziwa cilankhulo ca nkhosa zake sangaziitane. M'caka ca 1882 ankhondo a Magwangwara anathira nkhondo pa Masasi, natenga anthu ukapolo. Koma nchito ya Uthenga siinafe.

M'caka ca 1886 Maples anasamukira ku Likoma. Cilumbaco cinasankhidwa cifukwa madzi ankaciteteza ku nkhondo za kumtunda, ndipo anaciloleza ndi mfumu Chiteji wa kutsidya lathu lino. Mabwenzi awiriwo anagawana nchito. Johnson ankayenda pa sitima ya Charles Janson, kuyendera Msumba, Chia ndi midzi ina ya m'gombe. Maples ankakhala pa cilumba kuyang'anira sukulu, mapemphero ndi makina osindikizira mabuku. Makolo athu oyamba kubatizidwa anaphunzira katekisimu kwa aphunzitsi amene anacokera m'nchito imeneyo.

Askofu woyamba wa dera la nyanja, Wilfrid Hornby, anatula udindo cifukwa ca matenda. Pamenepo Mpingo unasankha Maples, ndipo anadzozedwa kukhala Askofu wa Likoma mu chalichi cacikulu ca St Paul's ku London pa 29 Juni 1895, tsiku la Petro Woyera. Sanacedwe ku Ulaya. Mtima wake unali kuno.

Pa 2 Seputembala 1895, ali m'bwato la matanga lochedwa Sherriff, namondwe anawagwera usiku ca kumadzulo kwa nyanja, ndipo bwatolo linagubuduzika. Amalinyero a kuno anasambira nafika kumtunda, koma Askofu, amene anali atabvala mkanjo wake wautali, anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Mtembo wake unapezeka, nuikidwa ku Nkhotakota. Anali ndi zaka 43, ndipo anakhala askofu masiku 65 okha, osafika n'komwe ku Likoma ali pa udindowo.

Mwa kuwerenga kwa anthu, uwu ungaoneke ngati ubusa wolephera. Koma pa Yohane 10 Ambuye saonetsa mbusa wabwino ndi mpando kapena ndodo. Amamuonetsa ndi kudziwa nkhosa zake ndi kupereka moyo wake cifukwa ca izo. Maples anacita nchito ya mbusa zaka 19 asanalandire dzinalo. Cifukwa cake, pamene nyanja inamutenga, panatsala anthu okhoza kupitiriza. Augustine Ambali, amene anaomboledwa ku ukapolo ali mnyamata, anasunga Mpingo wa ku Msumba zaka zambiri. Yohana Abdallah anatumikira ku Unangu, nadzozedwa unsembe m'caka ca 1898. Sitima ya Chauncy Maples inayamba kuyenda pa nyanja mu 1901, ndipo mu 1903 anayamba kumanga Kathidralo ya Petro Woyera pa Chipyela, malo amene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Patapita zaka zambiri, Dayosisi ya Niassa inalandira askofu wake woyamba, mwana wa dziko lino, Paulo Litumbe.

Akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Inu atate amene mumadikira kuti musankhidwe m'komiti musanayambe kutumikira, inu amai amene mumati kuphunzitsa ana pemphero la Ambuye ndi nchito ya akatekisiti okha, kumbukirani kuti maitanidwe athu anayamba pa tsiku la ubatizo. Palibe wa ife adziwa kucuruka kwa masiku ake; asodzi amadziwa bwino mmene mwera umasinthira nyanja mwadzidzidzi. Tikadzacoka, kodi m'nyumba mwathu mudzatsala wina wodziwa kutsogolera pemphero la madzulo?

Mulungu apatse mtumiki wake Chauncy mpumulo wosatha, ndipo atipatse ife mtima wakugwira nchito kukali kuwala. Amen.