Ngongole Yobweza ndi Maola: Mbiri ya Alangizi Odzipereka a Zamadimba ku America

Gulu la anthu odzipereka lotchedwa Master Gardener, lomwe limalangiza anthu wamba za kasamalidwe ka madimba, mitengo ya zipatso ndi maluwa a pakhomo popanda kulandira malipiro, linayamba m'chaka cha 1973 m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la United States, ndipo lero likupezeka m'zigawo zonse 50 za dzikolo, m'madera ena a Canada ndiponso ku South Korea. Maziko ake ndi pangano losavuta kulimvetsa, lakuti yunivesite iphunzitse munthu wamba sayansi ya mbewu, nthaka ndi tizilombo, ndipo munthuyo abweze maphunzirowo pogwira ntchito yolangiza anzake kwa maola owerengedwa. Chimene chachititsa kuti panganoli likhalitse zaka zoposa 50 ndi momwe linamangidwira pa nyengo za chaka, pakuti anthu amaphunzitsidwa pa miyezi imene nthaka yauma gwa ndi chisanu ndipo kulibe cholima, kenako n'kubweza ngongole yawo pa miyezi imene mafunso a olima amachuluka kuposa alangizi olembedwa ntchito.

Muzu wa ntchitoyi uli m'malamulo atatu akale. M'chaka cha 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo la Morrill, lomwe linapatsa chigawo chilichonse malo a boma kuti chigulitse ndi kumangira ndalamazo sukulu ya ukachenjede yophunzitsa zaulimi ndi zaumisiri. Lamulo la Hatch la 1887 linawonjezera malo ochitirako kafukufuku wa zaulimi pa sukuluzo. Ndipo lamulo la Smith-Lever la 1914 linakhazikitsa nthambi ya ulangizi, yomwe ndalama zake zimachokera ku boma lalikulu, ku chigawo ndi ku kaunti, limene ndi dera lofanana ndi boma monga Dedza kapena Chipata. Lamulo lomalizali linangotsimikiza zomwe ena anali atayamba kale. Seaman Knapp anali atatsegula munda wachitsanzo ku Terrell m'chigawo cha Texas mu 1903, pa nthawi imene kachilombo kena kankasakaza thonje, ndipo mu 1906 sukulu ya Tuskegee ku Alabama inkatumiza kale ngolo yodzaza zipangizo zophunzitsira kwa alimi akuda, motsogozedwa ndi Thomas Monroe Campbell. Mlangizi wa nthawi imeneyo ankaganiza za mlimi wa chimanga, tirigu, thonje ndi ng'ombe, osati za munthu wa m'tauni wokhala ndi mizere itatu ya tomato kuseri kwa nyumba.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu ambiri anachoka m'minda n'kukamanga nyumba m'mphepete mwa mizinda, nyumba iliyonse ili ndi kapinga, mitengo ndi kadimba kake, koma eni ake ambiri alibe agogo pafupi oti awafunse chomwe chafiiritsa masamba. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene nkhani yosamalira chilengedwe inali pakamwa pa aliyense ndipo mitengo ya zakudya inali kukwera, maofesi a ulangizi a m'mizinda anadzaza ndi mafunso. Dr David Gibby, mlangizi wa yunivesite ya Washington State m'makaunti a King ndi Pierce, momwe muli mizinda ya Seattle ndi Tacoma, anayesa kuyankha anthu ambiri nthawi imodzi kudzera pa wailesi ndi pa kanema, koma zotsatira zake zinali zakuti anthu ambiri anadziwa kumene kuli mayankho, ndipo lamya ya mu ofesi inayamba kulira kuposa kale. Iye ndi mnzake William Scheer anaganiza zophunzitsa anthu odziwa kale dimba kuti aziyankha m'malo mwawo. Ena pa yunivesite anakayikira ngati munthu wosaphunzira zaulimi ku koleji angalankhule m'dzina la sukuluyo osasocheretsa anthu, choncho mu 1972 anayesa kaye poika tebulo la mafunso pa malo a masitolo otchedwa Tacoma Mall, ndipo anthu anabweradi ndi nthambi zawo zodwala. Magazini ya Sunset inalengeza kuti pakufunika odzipereka, ndipo mu 1973 anthu pafupifupi 200 anaphunzitsidwa.

Dzina la gululi linachokera ku mwambo wa ku Germany, dziko limene Gibby ndi Scheer onse anakhalako, wopereka ulemu wapadera kwa mmisiri amene wafika pachimake pa luso lake. Owerenga a ku Malawi ndi Zimbabwe angakumbuke dzina lofanana nalo la Master Farmer, lomwe linakula ku Southern Rhodesia kuchokera pa ntchito ya mmishonale wa ku America Emory Alvord, n'kufika ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo pambuyo pake linasiya malo kwa achikumbe a nthawi ya Dr Kamuzu Banda. Zinthu ziwirizi sizinabalane, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa mchikumbe ankalemekezedwa poona munda wake, pamene Master Gardener amayesedwa ndi maola amene wathera pa dimba la wina. Amene akufanana naye kwambiri ndi mlimi wotsogolera wa masiku ano, yemwe mlangizi wa boma amamuphunzitsa kuti akaphunzitse anzake m'mudzi.

Zigawo zina zinatengera msanga. Colorado inayamba mu 1975, Oregon mu 1976, Minnesota mu 1977, Texas ndi Florida mu 1979, California mu 1980, ndipo Ontario ku Canada inatsatira mu 1985. Msonkhano woyamba wa dziko lonse unachitika mu 1987 mumzinda wa Washington, likulu la United States, umene uli kutali kwambiri ndi chigawo cha dzina lomwelo. M'kupita kwa zaka chiwerengero cha odziperekawa chinakula mpaka kupitirira 80,000.

Chaka cha gululi, makamaka m'zigawo za kumpoto, chimayamba m'nyengo yozizira, kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene ophunzira atsopano amakhala m'kalasi kwa maola 40 kapena kuposerapo, malinga ndi chigawo, akumvera akatswiri a nthaka, a matenda a mbewu ndi a tizilombo. Ku Texas wophunzira amafunika maola 50 a maphunziro ndi maola enanso 50 a ntchito asanapatsidwe dzinalo, ndipo chaka chilichonse amayenera kuwonjezera maola ena kuti lisamuchokere. Pa maphunzirowa pamatsindikidwa malamulo awiri omwe anathetsa nkhawa ya okayikira aja. Loyamba ndi lakuti wodzipereka azipereka malangizo okhawo amene kafukufuku wa yunivesite watsimikiza, ngakhale iye mwini atakhala ndi njira ina imene amaikhulupirira, ndipo pa nkhani ya mankhwala ophera tizilombo asapitirire zimene zalembedwa pa botolo, pakuti ku United States zolembedwazo zili ndi mphamvu ya lamulo. Lachiwiri ndi lakuti dzinalo lisagwiritsidwe ntchito potsatsa malonda. M'nyengo yomweyi akale m'gulumo amakonza masiku osinthana mbewu, amene ambiri amachitika cha kumapeto kwa Januwale, ndiponso amaphunzitsa kudulira mitengo ya maapozi ndi kumezanitsa, ntchito zimene zimafuna kuti mtengo ukhale usanaphukire.

Nyengo yophukira ikafika, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, magulu ambiri amagulitsa mbande zimene akhala akuzilera m'nyumba zagalasi kapena zapulasitiki kuyambira chisanu chisanathe, ndipo ndalama za tsiku limodzi kapena awiri amenewa ndi zimene nthawi zambiri zimayendetsa madimba achitsanzo, madimba a m'sukulu ndi ntchito zina za chaka chonse. Funso lalikulu la nyengoyi ndi la tsiku lowokera, chifukwa tomato wowokeredwa panja chisanu chomaliza chisanagwe amafa usiku umodzi. Tsikulo limasiyana kaunti ndi kaunti, nthawi zina chigwa ndi phiri loyandikana nalo, ndipo apa ndi pamene phindu la mlangizi wa pamalo pomwepo limaonekera, pakuti buku lolembedwera dziko lonse silingauze munthu sabata yoyenera pa khomo lake. Ino ndi nthawinso yotumiza dothi kukayezetsa, kuti wolima adziwe ngati nthaka yake ili ndi asidi wambiri ndiponso ngati feteleza akufunikadi.

Ntchito imene inabala gululi, ndipo ikadali mtima wake, imachitika m'nyengo yotentha, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Ndi imene amaitcha chipatala cha mbewu, ngakhale kuti kawirikawiri ndi tebulo chabe loikidwa pa msika wa alimi, m'nyumba yowerengeramo mabuku, pa chionetsero cha zaulimi cha kaunti kapena mu ofesi ya ulangizi, pomwe pamakhala odzipereka awiri kapena atatu, galasi lokulitsa zinthu ndi mabuku a yunivesite. Munthu amabwera ndi tsamba m'thumba, kachilombo m'botolo kapena chithunzi pa foni, ndipo nthawi zambiri funso lake limakhala lakuti athire mankhwala anji. Wodzipereka wophunzitsidwa bwino sayamba ndi yankho koma ndi mafunso ake: mbewuyo ndi ya mtundu wanji, inabzalidwa liti ndipo mozama bwanji, imathiriridwa kangati, vutolo linayambira pa masamba a m'munsi kapena a m'mwamba, ndipo kodi mnansi wapopera mankhwala ophera udzu posachedwa. Kafunsidwe kotere kamaulula kuti mavuto ambiri sachokera kwa tizilombo konse, koma ku madzi ochuluka, ku mtengo wokwiriridwa mopitirira kapena wobzalidwa pa mthunzi pamene umafuna dzuwa. Tomato wowola kunsi kwa chipatso, mwachitsanzo, sali ndi matenda opatsirana ayi, koma kuti kashiamu sanafike bwino m'chipatsomo, kawirikawiri chifukwa cha kuthirira kodumphadumpha, ndipo palibe mankhwala ophera tizilombo amene angamuchize. Njira yonseyi, imene akatswiri amaitcha kuteteza mbewu mophatikiza njira, imafuna kuti munthu adziwe kaye mdani wake, ayese ngati kuwonongako n'kokwanira kuchitapo kanthu, ayambe ndi njira zosaopsa monga kutola ndi manja kapena kusintha kathiriridwe, ndipo mankhwala akhale omalizira. Pa zonse zimene gululi lachita, kuchepetsa mankhwala othiridwa popanda chifukwa pa makomo a anthu ndi kumene kuyenera kuyamikiridwa koposa, ngakhale kuti ndi kovuta kukuwerenga.

Matebulo amenewa ndi makutu a yunivesite pa miliri yatsopano. Mu 2009 chiwawu cha tomato ndi mbatatesi, matenda omwe aja anadzetsa njala ku Ireland m'zaka za m'ma 1840, chinafalikira kumpoto chakum'mawa kwa United States kudzera m'mbande zogulitsidwa m'masitolo akuluakulu, m'chaka chozizira ndi chamvula, ndipo popeza matendawo anali m'madimba a pakhomo, uthenga wa nthambi ya ulangizi wakuti mbewu zodwala zizulidwe, zimangidwe m'matumba ndipo zisaponyedwe pa kompositi unayenera kufika kwa anthu omwe sanali alimi. N'chimodzimodzinso ndi kachilombo kopha mitengo ya ash komwe kanapezeka pafupi ndi Detroit mu 2002, kamene kamayenda mtunda wautali m'nkhuni zonyamulidwa pa galimoto, ndi kachilombo kena kochokera ku Asia kowononga mphesa komwe kanaonekera ku Pennsylvania mu 2014, kamene odzipereka amaphunzitsa anthu kuzindikira mazira ake ndi kuwapala pa makungwa.

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi yokolola, ndipo zokolola za m'madimba achitsanzo zimapita ku mabungwe ogawira chakudya anthu osauka, mwambo umene unalimbikitsidwa ndi kampeni ya 1995 yopempha wolima aliyense kuwonjezera mzere umodzi wa anjala. Kenako adyo amabzalidwa kuti agone m'nthaka nyengo yonse yozizira, masamba oyoyoka amaunjikidwa kukhala kompositi, mbewu zophimba nthaka zimafesedwa, ndipo aliyense amapereka maola ake ku ofesi. Kumwera kalendala imeneyi imatembenuka, moti kumwera kwa Florida ndi m'zipululu za Arizona nyengo yotentha ndiyo yovuta kulima ndiwo zamasamba, ndipo kubzala kwenikweni kumayamba pamene a kumpoto akutseka madimba awo.

Kufooka kwa gululi kuli pamalo omwewo pali mphamvu yake. Ngongole ya maola ingabwezedwe ndi munthu amene ali ndi maola, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anaonetsa kuti odzipereka ambiri ndi amayi achizungu, ophunzira, opeza bwino ndiponso achikulire. Maphunziro ochitika masana pakati pa sabata, omwenso amalipiritsidwa, amatsekera kunja wogwira ntchito ya tsiku lonse, ndiponso mlendo wochokera ku Mexico, ku Laos kapena ku Somalia amene mwina amadziwa kulima ndiwo kuposa womulangizayo. Ili ndi vuto lenileni, chifukwa nthambi ya ulangizi imayendera misonkho ya anthu onse, ndipo zigawo zambiri zayamba kuphunzitsa madzulo, pa intaneti ndi m'Chisipanishi, komanso kuchepetsa malipiro. Mliri wa Covid-19 unafulumizitsa kusinthaku mu 2020, pamene matebulo anatsekedwa koma olima atsopano anachuluka, moti yunivesite ya Oregon State itatsegula kwaulere phunziro lake la pa intaneti la ulimi wa ndiwo zamasamba, anthu zikwizikwi analembetsa m'masabata ochepa.

Kalendala yeniyeniyo nayonso yayamba kusuntha. Unduna wa zaulimi wa United States uli ndi mapu ogawa dzikolo m'magawo 13 potengera kuzizira koopsa kwa pachaka, amene olima amawagwiritsa ntchito posankha mitengo ndi maluwa oti angapirire nyengo yozizira kwawo. Mapu atsopano a mu Novembala 2023, okonzedwa mogwirizana ndi yunivesite ya Oregon State pogwiritsa ntchito miyezo ya kuyambira 1991 mpaka 2020, anasamutsira pafupifupi theka la dzikolo ku gawo lofundirapo pang'ono poyerekeza ndi mapu a 2012, ngakhale undunawo unachenjeza kuti mbali ina ya kusinthako yabwera chifukwa malo oyezera nyengo anachuluka. Kwa odzipereka a m'makaunti okhudzidwawo, izi zatanthauza kuunikanso mndandanda wa mitengo imene amalangiza anthu kubzala, ndi kufotokozera ogula mbande kuti mapuwo amanena za usiku wozizira kwambiri wa pachaka, osati za tsiku la chisanu chomaliza, lomwe liyenera kufunsidwabe ku ofesi ya kaunti.